Mmene Msana Unafunira Kundilanda Adzukulu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mukundidziwa, ndine Nagama wa kuseri kwa msika wa Namitambo. Mumati ndine wovuta. Musaseke, ndimamva. Ine madzi a kwa eni sindimwa ndisanaone mtsuko wake.

Mwana wanga mmodzi yekhayo, Rute, atamwalira, anandisiyira atsikana awiri, Esinati ndi Feliya. Bambo awo anali atalowera ku Joni kalekale. Tinatsala atatu. Ndinkalima ndekha chimanga ndi nandolo, ndipo sitinagonepo ndi njala.

Kenako msana, abale anga. Msana! Ululu unkayambira m'chiuno n'kutsika mwendo wamanzere mpaka kuchala. Kuchipatala anandipatsa mapiritsi. Loyamba ndinapatsa tambala kuti ndione ngati afe. Sanafe, ndiye ndinamwa. Ululu unkachoka masana, m'mawa wabweranso. Khasu ndinalisiya.

Mlongo wanga aJailosi, mwini mbumba wathu, anabwera n'kukhala pakhonde.

"Achemwali, tisanamizane. Khasu lakukanani. Mvula ikagwa munda uli chomwechi, ana awa tiwagawa. Esinati akalere mwana kwa msuweni wathu ku Limbe, Feliya apite kwa abale a bambo ake ku Mulanje."

"Achimwene, ana si nkhuku zogawana pamaliro."

"Nanga adya chiyani? Ukali wanuwo?"

Sanali munthu woipa. Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka.

Nthawi imeneyo amwenye anali akadali ndi masitolo kuno. Panali banja lina limene linkandigula nandolo. Mayi wa pabanjapo tinkangomutchula kuti aDona. Tsiku lina m'mawa ndinapita ndi ndodo, Esinati atasenza dengu, tinalowera kukhomo lakuseri. Ndinaona zachilendo. Mwana wawo wamwamuna, bambo wandevu kale, ali pamkeka: waima, wawerama, wagona chafufumimba, wadzuka, mofulumira, thukuta kamukamu. Uku aDona aima mwendo umodzi ngati kakowa, osagwedezeka. Pakona apongozi awo, nkhalamba yoposa ine, angogona chagada miyendo ili pampando.

Kenako nkhalamba ija inadzuka pansi osagwira kanthu. Osagwira kanthu, abale! Ine ndili ndi ndodo.

ADona anandiona. "Agogo, msana eti? Bwerani ndikuonetseni. Izi timati yoga."

"Ayi, zikomo. Ingoyezani nandolo."

Mumtima ndinati, munthu wokupatsa chinthu usanapemphe, pali chimene akufuna. Koma maso anga anali ataba kale. Ndinaganiza kuti mankhwala enieni ndi aja a thukuta aja, kugona chagada ndi ulesi chabe. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko, n'kuyala mkeka, n'kuyamba kutsanzira bambo uja. Kuwerama kunatheka. Podzuka mofulumira ndinamva ngati wina wandibaya ndi mkondo. Ndinagwa.

Apa ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Kuchimbudzi ndinkapita chokwawa. Esinati, mwana wosatha msinkhu, ndiye ankandisambitsa. Feliya ankaima pakhomo osalowa, akuopa kuti ndifa ngati amake. Kunja anthu akuunga mizere, ine ndikumva makasu awo ndili gone. Ndinati, Ambuye, mwatenga Rute, sindinakufunseni. Awanso?

Esinati atapita yekha ndi nandolo, aDona anamufunsa za ine, iye n'kuulula zonse. Mawa lake ndinangomva ana akukuwa panja kuti kwabwera mwenye. ADona analowa atawerama pakhomo langa lalifupi, atanyamula mapilo awiri.

"Agogo, munatsanzira ndani?"

"Mwana wanu."

Anagwira pakamwa. "Amayi inu! Zija ndi za anthu amphamvu, zolimbitsa minofu ndi mtima. Zanga zija ndi zoongola thupi pang'onopang'ono. Zanu ndi za apongozi anga, zopumitsa msana. Mwana wakhanda mumamuyambitsa ndi chimanga chokazinga?"

"Ndiyambe ndafunsa. Pamkeka paja mumagwadira ndani? Ine ndine Mkhristu."

"Mapemphero athu tili nawo, sindinabwere nawo. Ndabwera ndi mapilo. Inu muzipemphera kwa Mulungu wanu."

"Nanga mukufunapo chiyani?"

"Nandolo wanu alibe miyala. Mukafa ndigula kwa ndani?"

Ndinaseka, msana n'kundilanga pomwepo.

Anandigoneka chagada, mapilo kunsi kwa maondo. Anati ndikoke mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke, ndiutulutse mosathamanga. Kenako anati, "Tsekani maso."

"Ine sinditseka maso m'nyumba muli mlendo."

"Tsekani limodzi."

Ndinatseka limodzi. Linalo linkayang'ana manja awo. Ndinkapuma, ndikunena pemphero la Ambuye chamumtima. Sindikudziwa kuti lachiwiri linatsekeka nthawi yanji. Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, aDona atapita, Feliya atagona pambali panga. Chiyambire matenda, tulo totero ndinali ndisanationepo. Ndinayang'ana m'nyumba monse. Palibe chinasowa. Aleluya!

Sindinachire tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Anabwera kangapo. Anandiphunzitsa kukokera bondo pachifuwa, kenako kugwada ngati mwana wokwawa n'kumapinda msana ngati mphaka. Anandikakamizanso kubwerera kuchipatala, ndipo adokotala anati ndipitirize, koma chopweteka ndizichisiya. Nditayamba kuyenda ndinkapita ndekha kuseri kwa sitolo. Kumeneko anandikweza kalasi, ndinalowa zoima zija, nditagwira khoma. Mwendo unasiya dzanzi. Befu amene ndinkachita pokwera chitunda anachepa. Ngakhale ukali unatsikako, afunseni ana. Za thukuta zija anandiletsa mpaka kalekale, ndipo sindizifuna.

Amayi ena a mumpingo muno ananena kuti Nagama walowa chipembedzo cha amwenye. Muli pompano, sinditchula maina. Ndinakukhululukirani, koma ndikukudziwani.

Mitambo itayamba kuda, aJailosi anabwera atavala jekete, kudzatenga Esinati. Kunyumba sanatipeze. Anatipeza kumunda. Ine ndi khasu, Esinati ndi khasu, Feliya akutola mapesi. Sitinamalize munda wonse, mbali ya kudambo inali ikadali thengo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mizere.

"Wakulimirani ndani?"

"Mukumuona wina?"

"Tawongokani ndione."

Ndinawongoka. Ndinaponya khasu pansi, n'kupinda maondo monga anandiphunzitsira, n'kulitola. Feliya anali atagwira chitenje changa. AJailosi anamuyang'ana mwanayo, anandiyang'ana ine. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pamtengo.

"Esinati, bweretsa khasulo. Kudambo kuja ndilima ine."

Abale ndi alongo, Mulungu ndi wabwino! Ndinkayembekeza kuti thandizo lidzachokera kwa anthu a mtundu wanga, a mpingo wanga. Iye anatuma mayi wa chilankhulo china, ndi mapilo awiri. Amwenye atasamutsidwa kupita m'tauni, aDona anapita nawo, sindinawaonenso. Dzina lawo lenileni sindinalifunse n'komwe. Muziwapempherera, Mwini wake akulidziwa.

Lero msana umandikumbutsabe kukazizira. M'mawa uliwonse ndimayala mkeka, ndimapuma, ndimapemphera, kenako kumunda. Amene msana ukukuvutani, musabe ndi maso ngati ine. Pitani kuchipatala, ndipo funsani amene akudziwa kuti zoyenera thupi lanu ndi ziti.

Esinati anakwatiwa konkuno, nyumba yake yayang'anana ndi yanga. Feliya ndi uyo wakhala kukwayayo, akubisa nkhope. Imirira, mwanawe, akuone. Ana a Rute anakulira pakhomo limodzi. Ambuye alemekezeke. Amen.