Za Mlatho Wathu Tamvera Kunja

Pa siteji ya basi, mayi wonyamula chakudya cha wodwala ndi bambo wina wogwira foni anali atadikira maola awiri.

"Bambo, foni yanuyo sikunenako za basi? Nthawi yoonera odwala ikutha, amuna anga sanadye."

"Ayi, mayi. Ikungoti kutsidya kwa nyanja chimphepo chaimitsa ndege makumi atatu."

"Nanga wailesi?"

"Chiyambire m'mawa ndi mpira wakunja wokhawokha. Wosewera wina wavulala bondo, ndiye tonse tizilira bondolo."

"Ine zinanditopetsa. Mdzukulu wanga amadziwa dzina la galu wa woimba wakunja, koma la mlongo wanga amachita kufunsa."

"Taimani, mwana wanga amene ali kunja uja walemba uthenga. Akuti mlatho wathu wakokoloka m'mamawa, waona pa intaneti. Basi lero kulibe."

"Mlatho wa kuseri kwa msikawu? Pafupi pomwepa?"

"Womwewo."

"Ha! Ife tili pompano osadziwa kanthu. Ndiye poti amene akutiona bwino ndi iyeyo, tandifunsirani: amuna anga kuchipatalako adzuka bwanji?"