Chidole Chimene Tinatsala Pang'ono Kutentha

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Monire mose. Ine ndine Tawonga, ndili Folomu 3, ndimakhala konkuno ku boma. Sindinayankhulepo pamaso pa anthu ochuluka chonchi, ndiye mawu akamanjenjemera mundipirire.

Adada anali msilikali. Asanapite ku Kongo kukasungitsa mtendere, kwathu kunali kuseka. Ankasema zidole zamtengo n'kuzimanga zingwe m'manja, m'mawondo ndi pamutu. Zingwezo zinkathera pa kamtanda ka ndodo ziwiri. Akapendeketsa kamtandako, chidole chinkayenda, kuvina, kugwada. Anali ndi lamulo lawo: chidole sachigwetsa pansi, ndipo sewero silitha chidole chisanawerame kutsanzika anthu.

Anabwerako ndi manja onse, miyendo yonse. Tinaimba, tinathokoza. Koma abale, amene anatsika basi uja sanali adada. Thupi linali lawo, koma iwowo munalibe.

Sankayankhula. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Mvula ikagunda malata, ankalowa pansi pa tebulo. Munthu wamkulu, abale, pansi pa tebulo! Ntchito anasiya. Kutchalitchi kuno anasiya.

Katundu amene anasamala ndi mmodzi yekha: chidole chovala nsalu ya usilikali, chamimba yaikulu, chokhala ndi mpata pakati pa mano. Anachipachika pamsomali pabalaza. Masana dzuwa lili phwee, mphepo kulibe, icho chinkatembenuka pang'onopang'ono mpaka kukuyang'ana. Ndinasiya kuwerengera pabalaza. Ndikamalemba m'kalasi ndinkaona manowo pa pepala. Anzanga ankandifunsa kuti, “Kodi kwanu kuli munthu wopachikidwa eti?”

Kenako kunabwera ankhazi, alongo awo a adada, kuchokera ku Champhira. Atachiona anabwerera chambuyo.

“Mulamu,” anauza amama, “mukugona ndi chinthu ichi m'nyumba? Ichi ndicho chikumudya mlongo wanga. Zithumwa za ku Kongo izi. Mbwenu titenthe.”

Amama anali atatopa ndi kulira, ndipo anavomera. Anadikira tsiku limene adada anapita kuchipatala kukatenga mankhwala. Anasonkha moto kuseri, n'kundituma ine kukachitsitsa.

Ndinakwera pampando ndikupemphera. Ndinati, Ambuye, ndibwezereni adada, njira yake sindikuidziwa. Ndinagwira kamtanda kaja, ndinatsika. Mapazi a chidole anagunda simenti, chinaima. Dzanja langa linkanjenjemera, ndipo icho chinayamba kuyenda chokha, gwede gwede, kulunjika pakhomo.

“Jere sankayenda choncho.”

Abale, ndinauma. Anali adada, ataima pakhomo ndi kapepala ka mankhwala. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala kamvekedwe kake.

“Kweza chingwe cha bondo lamanja,” anatero. “Kweza kwambiri, ndiye uponde. Ankaponda ngati ali pa ingoma, ngakhale popita kukatunga madzi.”

Ndinakweza, chinaponda. Adada anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kufotokoza. Amama ndi ankhazi anamvera ali pazenera, moto ukuzima kuseri.

A Jere anali mnzawo wa ku Edingeni. Kumsasa kwawo ku Kongo kuja asilikali ankasowa kwawo, ndiye adada ankamanga bulangete kumbuyo kwa lole n'kumawaseweretsa zidole. Ankasema nkhope za anzawo omwewo, ndipo chidole chija chinali nkhope ya a Jere. Tsikulo linali Lamlungu masana. A Jere anakhala kutsogolo penipeni, akuseka mpaka misozi, akukuwira adada kuti, “Iwe Nyirenda, mimba imeneyo si yanga! Wandinamizira!” Ali pakati poseka choncho, mfuti zinalira kuthengo. Adada anataya kamtanda n'kudzigwetsa. Chidole chinagwa chafufumimba. Atadzutsa mutu anaona a Jere ataomberedwa, atagona chimodzimodzi, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, ngati chidolecho.

“Ndinamugwetsa, mwana wanga,” anatero adada. “Sanawerame. Sanatsanzike.”

Ankhazi analowa akupukuta m'maso. “Ndiye unkangosunga wekha zimenezi? Ife kuno tikuti ndi ufiti! Nyamuka, amama ake a Jere ali moyo ku Edingeni.”

Tinapita Loweruka lotsatira. Agogo aNyaTembo, mayi awo a Jere, anatilandira pansi pa mtengo pafupi ndi khola la ng'ombe. Tinamanga chitenje cha amama pakati pa mitengo iwiri. Adada atagwira kamtanda, manja anakana. Anandipatsa ine.

“Iwe uyendetse, ine ndiyankhula.”

Chidole chinatuluka, chinakweza bondo, chinaponda fumbi. Agogo aja anaika manja pamutu.

“Mwana wane! Ndi yemweyo! Koma mimbayi mwamuwonjezera.”

Anthu anaseka, adadanso anaseka. Inde, anaseka, ine ndinamva ndi makutu angawa! Kenako anasintha mawu, nayankhula monga ankayankhulira mnzawo: “Amama, ndafika. Ndinachedwa panjira. Tsalani bwino.” Ndinatsitsa chingwe cha kumutu pang'onopang'ono, ndipo chidole chinawerama mpaka chipumi kuyandikira dothi. Panalibe woomba m'manja. Agogo anangoti, “Yewo, mwana wane. Pita makora.”

Aleluya! Abale, Mulungu sanatumize mngelo. Anagwiritsa ntchito chinthu chomwe ife tinachisonkhera moto.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Mvula ikabwera yamphamvu, adada amagwirabe m'mphepete mwa tebulo, koma salowanso pansi. Kuchipatala akupitabe, ndipo tsopano amayankhula ndi adokotala. Pali masiku amene amangokhala duu. Tikatero timawasiya, ine ndimakhala pambali pawo ndi mabuku anga. Koma ayambanso kusema. Akupanga Yona ndi chinsomba chake cha ana a Sande sukulu, ndipo amandikalipira ndikasokoneza zingwe. Kukalipa kumeneko ine ndimakuthokozera Mulungu.

Chidole chija chinatsala ku Edingeni, agogo anachipempha. Msomali udakalipo pabalaza. Nthawi zina ndikamawerenga ndimadzutsabe mutu kuuyang'ana. Pano adada amapachikapo chipewa chawo.

Ndi awo akhala kumbuyoko, pafupi ndi chitseko. Musawatembenukire nonse nthawi imodzi, chonde. Muziwapempherera basi.

Ambuye alemekezeke. Yewo chomene. Ameni.