Thirakitala Yong'aluka ya Ntate Ramakatsa

"Wapha thirakitala, wapha ndi bambo omwe, galu iwe!"

Mawu amenewa si anga ayi. Ndi a Pitso, mwana woyamba wa malemu, uyo wavala magalasi akuda ngakhale dzuwa kulibe. Anawalankhula dzulo m'mawa kukhola, akuloza mng'ono wake Molefi ndi mpeni wosendera ng'ombe ya maliro ano. Ine ndinali pomwepo ndi beseni la matumbo, koma sindinayankhe. Ndiyankha lero.

Abusa, khalani pansi, sindichedwa. Pepala la mbiri lomwe analemba Dimakatso, mwana wamkazi wa malemu, ndi ili, ndamulanda. Kuwerenga sindidziwa, koma anandiwerengera. Muli zoti malemu anali munthu wofatsa, wokonda banja. Thirakitala mulibe ngakhale imodzi. Ameneyo si mlongo wanga, mwina ndi wa kumaliro ena.

Bambo amene agona apawa ndi Ntate Tsietsi Jeremia Ramakatsa. Anabadwa chaka cha 1949 pafamu ya mzungu Steenkamp, kuseri kwa tauni ya Hlohlolwane. Chakacho andiuza ndi ana. Ine ndimangodziwa kuti kunali chisanu, ndipo ndinali nditayamba kale kusenza chidebe. Ndine Mantwa, mlongo wawo wamkulu. Ndinawabereka kumbuyo kuno. Tinabadwa asanu ndi mmodzi, lero ndatsala ndekha. Misozi musaiyembekezere, ndaifunafuna sabata yonse, sikubwera.

Sukulu anaphunzira ya pafamu pomwepo mpaka Sitandade 2. Ine sanandipititse, ndinkachapa matewera a ana a dona. Iwo anawapititsa, koma ankathawa n'kukagona pansi pa thirakitala. Aphunzitsi anawakwapula, bambo anawakwapula, wowanenera ndinali ine. Tsiku lina Steenkamp anawapeza atamasula injini yonse, zitsulo atazindandalika pathumba. Anangoti, "Bwezera mmene unaipezera. Ukalephera, banja lanu lonse lisamuke pano." Amayi anayamba kumanga katundu. Pofika madzulo injini inalira. Sukulu inathera pomwepo.

Mu 1974 anakwatira Mme Mapitso, alamu anga awa afunda bulangete lakudawa. Ng'ombe za malowolo zimene tinakapereka kwawo ndi zomwe zinabwera pa ukwati wanga, n'chifukwa chake pakhomo pano ndimalankhula mmene ndafunira, ndipo alamu akudziwa. Tsiku laukwati mkwati anachedwa. Anafika kutchalitchi suti ili bwinobwino, zala zili bii ndi girizi. Diresi loyera linatuluka ndi zidindo za manja m'chiuno. Alamu anadziwa tsiku lomwelo kuti alowa mitala.

Pafamu ya Steenkamp anagwira ntchito zaka makumi atatu, kuyendetsa ndi kukonza. Boma litayamba kugawa minda anapeza malo ano, ndipo matenda awo a zitsulo anakula. Thirakitala yakale yoyamba inali ija ya ku Jeremani, yomwe inatayidwa pansi pa mitengo ya bulugama, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwana wa Steenkamp anati, "Tenga, Tsietsi, undichotsere zinyalala." Anaikonza zaka zinayi. Kenaka anayamba kuzungulira m'mafamu, akamva kuti kwinakwake kuli chitsulo chakufa, ulendo. Pomwalira asiya khumi ndi imodzi. Zonse zinkalira, koma palibe ndi imodzi yomwe inalimapo mzere pamunda uno. Kulima ankalimira ina yatsopano, yomwe sankaipukuta n'komwe.

Alamu ankati, "Tsietsi, kodi chitsulo chimadyedwa?"

Iwo ankati, "Nanga maluwa ako ali pakhondewo unadyapo?"

Ukwati wonse unayenda choncho, ndipo unali wabwino kuposa wanga.

Ya ku Jeremani ija nonse mukuidziwa. Siilira ndi kiyi. Umayatsa nyali yolavula moto, n'kuiika pansi pa mutu wake mpaka chitsulo chifiire. Ukatero umazula chiwongolero, n'kuchilowetsa m'mbali, n'kupukusa ndi manja awiri. Ikagunda kamodzi, mawindo a nyumba amanjenjemera. Anaitcha dzina langa, Mantwa. Ankati, "Imafuna moto kumutu kuti iyambe kulankhula, ndipo ikayamba siisiya." Ndinawanyanyala mwezi wathunthu. Kenaka ndinaona kuti ndi yokhayo imene ankaifunditsa lona mvula ikamabwera, ndiye ndinasiya.

Chaka chilichonse ankapita nayo ku chionetsero cha mathirakitala akale m'tauni. Chaka choyamba munthu wakuda woyendetsa yakeyake anali iwo okha. Mzungu wina pachipata anafunsa, "Bwana wako ali kuti?" Iwo analoza alamu anga atakhala pangolo ndi ambulera, nati, "Ndi awo, koma samalani, sanadye." Azungu omwewo pambuyo pake ankabwera pakhomo pano kudzapempha tizitsulo tosowa. Ena ndikukuonani kumbuyoko, zipewa zili m'manja. Mwachita bwino kubwera. Koma musayambe kuyang'ana kushedi, mwini wake sitinamukwirire.

Kutchalitchi anali a mpingo wa Wesele, a gulu la abambo ovala zofiira. Akapatsidwa mpata wolalikira, ayambe ndi Mose, ayambe ndi Paulo, ankathera pa injini. Abusa asanu adutsa pano, ndipo aliyense galimoto yake inakokedwapo m'matope ndi malemu. Inunso abusa, kawiri.

Tsopano za madzi. Kuno nonse mukudziwa, koma ena mwaiwala, ndiye ndinena. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dzuwa likangotsamira kuphiri, malemu ankayenda thirakitala ndi thirakitala kutsegula timipopi ta pansi, madzi onse atuluke. Madzi akagona m'kati n'kuundana, amafufuma, chitsulo chimang'aluka ngati dzira. Mankhwala obiriwira a m'botolo aja, oletsa madzi kuundana, ankawakana. Ankati, "Izi zinakula ndi madzi a mvula, musazimwetse zachilendo." Molefi wakhala pakhomo pano moyo wake wonse, amadziwa. Pitso anapita ku Gauteng ali mnyamata, amakhala mu ofesi yofunda.

Mwezi watha chifuwa chinawagwira, mapapo anadzaza, tinawatengera kuchipatala. Anagona masabata atatu. Aliyense wolowa m'chipindamo, asanapereke ndi moni yemwe, funso linali limodzi: "Mwakhetsa madzi?" Molefi anali atakhetsa zonse tsiku loyamba, n'kuzisiya zouma, timipopi totsegula. Ndinamuona ndi maso awa, khumi ndi imodzi.

Sabata yachitatu adokotala anati mwina atuluka Lolemba. Pitso anabwera. Loweruka Molefi anapita kuchipatala, Pitso anatsala, nati atsuke mathirakitala kuti bambo akafika asangalale. Mtima unali wabwino, sindikana. Ine ndinali nditatsamira khoma ndikuwothera dzuwa. Ndinamva akufuula, kuitana ine azakhali ake, "Rakgadi, taonani! Molefi akuzipha ndi ludzu, zonse zauma gwa!" Anatseka timipopi, n'kuyamba kutunga madzi n'kumathira m'mathirakitala.

Ndinati, "Pitso, madziwo..."

Anati, "Rakgadi, za makina zisiyeni. Inu ngakhale dzina lanu simutha kulemba."

Ndinatseka pakamwa. Mumtima ndinati, chabwino, ophunzira achite. Molefi abwera madzulo, aona, ndipo pakhala mkangano wokoma, ine ndili pampando wakutsogolo. Ndinawerenga zidebe mpaka ndinatopa. Madzulo Molefi anatumiza uthenga kuti bambo atentha thupi, iyeyo agona komweko. Timipopi ndimatidziwa, ndawaonera malemu zaka zonsezi. Miyendo ndili nayo. Ndinati ndimwe tiyi kaye. Ndinamwa tiyi, ndinafunda, ndinagona.

Lamulungu m'mawa udzu unali mbuu ndi chisanu, madzi a m'chidebe cha pakhomo ataundana ngati mwala. Khumi zija zinali m'shedi, zinapulumuka. Mantwa imagona panja pansi pa kadenga, chifukwa chumuni chake n'chachitali, sichilowa pakhomo la shedi. Ndinaipeza ili ndi mng'alu m'mbali, kutalika ngati mkono wangawu, madzi a dzimbiri ataundana akulendewera. Pitso anaima pamenepo atavala gawuni yogonera. Sanandione. Anathamangira m'shedi, n'kutsegula timipopi tonse khumi, n'kuwaza dothi ponyowa. Pofika Molefi masana, ya madzi inali imodzi yokha.

Molefi anaigwira mng'aluwo ndi chala, nati, "Mwina ndinaiphonya, Rakgadi. Mutu wanga sukuyenda masiku ano." Pitso anati, "Unaiphonyadi." Ine ndinayang'ana nkhuku.

Owotcherera anabwera awiri, onse anapukusa mitu. Chitsulo chake sichipezekanso, ngakhale azungu akumbuyowo alibe. Banja linagwirizana kuti malemu asauzidwe. Alamu akalowa, "Mwakhetsa madzi?" "Eya, Ntate." Dimakatso akalowa, "Eya, Ntate." Lachiwiri ndinalowa ine. Anandiyang'ana, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno, nati, "Mantwa, iwe sunama. Mwakhetsa madzi?"

Pakamwa pamene panatsekeka Loweruka, panatseguka Lachiwiri. Ndinati, "Mnzanga wa dzina uja wang'aluka." Ndinanena zonse, za zidebe, za gawuni, za dothi.

Za Pitso sananene kanthu. Anangofunsa, "Iwe unali pomwepo?"

Ndinati, "Ndinali."

"Ukuona?"

"Ndikuona."

Anatembenukira kukhoma. Lachitatu ndinapita ndi phala la mapira, lomwe ankalikonda lowawasa. Analandira m'manja mwa namwino, m'manja mwanga ayi. Lachinayi analankhula ndi alamu, analankhula ndi Molefi. Ndinamva akumuuza kuti, "Kumanda indiperekeze yomweyo, ngakhale muchite kuikoka." Molefi analira, akuyesa kuti akumudzudzula. Dzina la Pitso sanalitchule. Ankafuna ana awo asadane, ndikuganiza choncho, ngakhale sanandiuze. Ine ndinakhala pampando wa pakona tsiku lonse. Lachisanu m'mawa anatisiya. Adokotala akuti ndi mapapo. Ine sindikudziwa.

Ndiye Molefi, mwana wa mlongo wanga, dzutsa mutu. Sunaiphonye. Bambo ako apita akudziwa kuti si iwe. Pitso, magalasiwo usavule, akuthandiza. Unalakwitsa pofuna kukondweretsa bambo ako, zimenezo aliyense akanakukhululukira. Za dothi zija ndi za mpeni wa dzulo, ukambirane ndi mng'ono wako, ine sindilowerera. Ndipo wina asandiyang'ane ngati ndachita chamuna. Ndikananena mawu anayi okha Loweruka lija, bwenzi lero mawindo akunjenjemera.

Mmene tabwerera kumanda kuno mwaona nokha. Kutsogolo kathirakitala kotuwa ka m'shedi, Molefi akuyendetsa. Pambuyo pake tcheni. Kenaka Mantwa, yozizira, yopanda mawu, Pitso atagwira chiwongolero chifukwa ndiye wamkulu. Kumapeto ngolo ndi bokosi. Potsetsereka pa damu paja tcheni chinakhwepa, yakumbuyo inatsala pang'ono kukwera yakutsogolo, chifukwa wina sakanaitana mnzake. Wofuula kuti "Buleki, Pitso!" ndinali ine. Mochedwa, koma ndinafuula. Zimene anapempha malemu zachitika, yawaperekeza.

Malemu asiya mkazi mmodzi, Mme Mapitso, amene sakundilankhula kuyambira Lachiwiri lija. Asiya ana atatu. Pitso ndi Molefi sakulankhulana, ndipo mukamaponya dothi muwapatse mafosholo awiri. Dimakatso amalankhula ndi onse, koma ine wandisiya lero chifukwa cha pepala. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zimenezo zikusewera limodzi kuseri kwa tenti, sizinamve kanthu. Asiya mathirakitala akale khumi olira ndi imodzi yosalira. Kukadali Julaye, wina akaone timipopi dzuwa lisanalowe.

Asiyanso mlongo mmodzi, ine. Ntate Tsietsi Ramakatsa apumule mu mtendere, dothi la kwawo liwafunde bwino. Takangana zaka makumi asanu ndi awiri, ine ndi iwo, ndipo nthawi zonse woyamba kunyanyala ndinali ine, iwo n'kubwera ndi fodya wa m'mphuno kudzandinyengerera. Ulendo uno anyanyala ndi iwo. Ndinadikira Lachitatu, ndinadikira Lachinayi. Sanatembenuke.