Wakufa Uja Wavala Suti

Pamzere wogula matikiti a filimu, bambo wina wachipewa anayang'anitsitsa nkhope yaikulu yomwe inali pachithunzi cha pakhomo. Mtima utakana, anatembenukira mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Pepani mayi, uyu si uja anafa chaka chatha?"

"Anafa mufilimu, bambo. Ndi katswiri ameneyu. Anthu onsewa abwerera iyeyu."

"Ine ndinalira mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati anali m'bale wanga. Masiku atatu chakudya chosalowa. Lero ndikumupeza atanenepa, wavala suti."

"Amangosewera paja."

"Kusewera ndi misozi ya munthu wamkulu ngati ine?"

"Ndiye musalowe."

"Ndilowa. Akanakhala wosadziwika ndikanamusiya, koma uyu timadziwana. Ndikamve afotokoza zotani."

"Safotokoza kanthu. Mufilimu ya leroyi ndi dokotala."

"Dokotala? Chaka chatha amayendetsa lole. Sukulu wapita liti?"

"Kaya. Koma ine ndaonera kale kawiri, ndipo kumapeto amafanso."

Bamboyo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Amafa ndi chiyani ulendo uno?"

"Amagundidwa ndi galimoto akutuluka kuntchito."

"Nanga inu, zonsezi mukuzidziwa, mwabwereranso kudzatani?"

"Mwina lero apulumuka. Dzulo ambulansi inangochedwa pang'ono."

Bamboyo anaganiza kaye, kenako anapatuka pamzere.

"Dutsani, mayi, mukakhale mpando wakutsogolo. Akangoyandikira msewu, mukuwe. Ine mawu anandithera chaka chatha."