Ankati Ndi Chithumwa

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukupezeni kulikonse kumene mukuwerengera mawuwa. Ine ndine Mayi Nasibeko, ndimakhala ku Kigamboni, kuno kudziko la eni, ndipo ntchito yanga ndi yophikira banja lina la Achimalawi ku Msasani. Ndili ndi matenda a mphumu. Mawu ochepa amenewa ananditengera chaka chathunthu kuti ndiwanene pagulu, ndipo ndinatsala pang'ono kufa nawo kukhosi.

Mphumu inandiyamba nditakula kale. Adokotala anandilembera mankhwala amitundu iwiri opopera m'kamwa, ena a tsiku ndi tsiku, ena a m'kabotolo kabuluu a nthawi imene chifuwa chatsekeka mwadzidzidzi. Anandiphunzitsa kapoperedwe kake, anandionetsa pamene pamalembedwa tsiku lotha mphamvu, kenako anandiloza ndi cholembera n'kunena kuti kabuluuko kasamatalikirane nane ngakhale popita kokagula mchere. Tsono ine ndine munthu wosinthasintha zikwama, lero chakuda mawa chofiira, moti kawiri konse ndinakaiwala m'chikwama cha dzulo. Ndiye ndinasoka kathumba ka nsalu, ndinamangako chingwe, n'kumakavala m'khosi mkati mwa bulauzi.

Apa ndiulule tchimo langa. Panadutsa miyezi yambiri ndisanabanikepo, ndipo tsiku lina ku gulu lathu la mapemphero la amayi Achimalawi ku Temeke ndinaimirira n'kuchitira umboni kuti mphumu yatheratu, mankhwala ndataya. Anthu anaimba nthungululu. Komatu kathumbako kanali pachifuwa panga pomwepo pamene ndinkalankhula. Sindinachoke kunyumba nditakonza bodza ayi. Maumboni a anzanga tsikulo anali onona, ine sindinafune kutsalira, pakamwa panangothamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Tsiku lina tikugwada kupemphera, chingwe chinasololoka, kathumba kanatulukira kunja. Mayi Nambewe, amene anagwada pafupi nane, anakaona. Sipanathe milungu iwiri, nkhani inali ponseponse yakuti Nasibeko amayenda ndi mankhwala m'khosi. Inu mukudziwa kuti kwathu mankhwala ndi mankhwala, a kuchipatala ndi a kwa sing'anga dzina ndi limodzi. Ankati ndi chithumwa choti abwana azindikonda pantchito. Ena anasiya kudya mandasi amene ndinkabweretsa.

Mtendere unandithawa. Kumasula kathumbako pamaso pawo kunali kosavuta, koma ndikanatero, umboni wanga uja ukanaoneka kuti unali wabodza. Ndinkaganiza zimenezi mu daladala, minibasi ya kuno, mpaka kupitirira potsikira. Ndinkaganiza ndikuphika mpaka kupsereza mpunga wa eni ake. Nditchedwe wamatsenga kapena wabodza? Ndinasankha njira yachitatu, yopusa kuposa zonsezo. Ndinavula kathumbako, ndinakakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kuvala mabulauzi oonetsa khosi kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu. Ngakhale a tsiku ndi tsiku aja ndinayamba kumawadumphitsa. Zonsezi ndinazitcha chikhulupiriro, koma kunena zoona anali manyazi chabe.

Loweruka lina masana ndikuweruka, ndinakwera pantoni yotiwolotsa kupita ku Kigamboni. Ndinali ndi chimfine cha masiku atatu, ndipo chifukwa cha kudzaza ndinaima pafupi ndi magalimoto, utsi uli kumaso. Titangochoka padoko chifuwa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Dzanja linathamangira m'khosi lokha, linapeza khungu basi. Ulendo wa pamadzi paja ndi waufupi, koma kwa munthu amene mpweya ukulowa ngati pa bowo la singano, tsidya linaoneka ngati likuthawa. Ndinachita mantha aakulu. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganizanso kuti ndifa anthu akukhulupirira kuti chandipha ndi chithumwa. Pemphero lalitali linandikanika. Ndinangotulutsa mawu awiri akuti, "Ambuye, mpweya."

Mayi wina wovala mpango wa Chisilamu amene anaima pambali panga anatembenuka msanga. "Ndinu akwathu? Ndi pumu? Kopopera kali kuti?"

Ndinayankha modukizadukiza kuti kali pa msomali.

Sanafunsenso zambiri. Anandikoka kundichotsa pa utsi, anandikhazika mowongoka pa mtolo wake wa nsalu, n'kuyamba kukuwa m'Chiswahili kuti anthu apatuke, mayi sakupuma. Anapita kwa woyendetsa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, imene inali kutsogolo kwenikweni kwa pantoni, ndipo anthu amene anali mmenemo anatsika okha. Pantoni itangogunda doko, ife tinali oyamba kutuluka. Pachipatala china chapafupi anandiveka chopumira kumaso, ndipo pang'onopang'ono mpweya unayamba kutsika mpaka pansi pa chifuwa. Ndinalira ngati mwana.

Mayiyo dzina lake ndi Abiti Saidi, wogulitsa nsalu, wobadwira konkuno koma makolo ake ndi a ku Mangochi. Mwana wake wamkulu ali ndi mphumu, n'chifukwa chake anaizindikira ndi khutu. Anakhala nane mpaka adokotala atanditulutsa, ndipo nditamufotokozera nkhani yonse anapukusa mutu. Chichewa chake ndi chothyokathyoka, koma chinandilasa.

"Mama, Mulungu anakupatsani dawa, inu mwapatsa msomali. Msomali ukudwala pumu?"

Adokotala nawo sanandinyengerere. Anandibwezera pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, anandilembera papepala zochita chifuwa chikatsekeka ndi nthawi yoyenera kuthamangira kuchipatala, ndiponso anandilembera kabuluu kachiwiri koti kazikhala kuntchito.

Pa mapemphero otsatira ndinaimirira. Ndinatulutsa kathumba, ndinakamasula, ndinakweza kabotolo m'mwamba, n'kunena kuti chithumwa chija ndi ichi, ndipo umboni wanga woyamba unali wabodza. Nthungululu panalibe. Ndinakhala pansi ndikuganiza kuti zathera pomwepo.

Tikubalalika, Mayi Nambewe anandikokera pambali. Ndinkayembekeza kupepesa kwa miseche ija, koma iwo anali ndi nkhani ina.

"Amayi, tsiku munachitira umboni lija, ine ndinapita kunyumba n'kukataya mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi. Ndinati ngati Nasibeko watha, ine ndilekerenji? Mutu ukundipweteka mwezi wachiwiri uno."

Nthawi yonseyi ndinkalira ndi dzina langa, osadziwa kuti bodza langa likuyenda m'magazi a mnzanga. Lolemba m'mawa ndinapempha tchuthi, ndinawagwira dzanja mpaka kuchipatala, ndipo lero ali pa mankhwala awo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu awiri, n'kuliyankha kudzera mwa mayi amene sitipemphera nyumba imodzi. Inu amene adokotala anakupatsani mankhwala oti muzikhala nawo pafupi, khalani nawo, muziona tsiku lake, akatha bwererani kwa amene anakulemberani. Musafooke, pempherani kolimba, Mulungu amachiritsadi. Koma mukaimirira kuchitira umboni, nenani zokhazo zimene wachita, pakuti pali wina pa benchi lakumbuyo amene akatsanzira mawu anu akafika kunyumba. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.