Dzanja la atate ndi kaseva kanga kotopa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Ndine mphunzitsi wa makompyuta kuno ku Chipata, ndipo lero ndikuchitira umboni za atate anga, amene sitiroko inawafoola dzanja lamanja.

Atate anali hedimasitala, munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Atatuluka m'chipatala anabwerera kumudzi ku Chipangali. Adokotala anati azigwiritsa ntchito zala tsiku lililonse, koma iwo ankangokhala pakhonde, dzanja lili pamwendo. Podziwa kuti amakonda nsolo, ndinapanga masewerawa a pafoni n'kuwaika pa kompyuta yakale imene ndinaisandutsa seva, makina otumiza masewerawo ku mafoni kudzera pa intaneti, kunyumba kwanga ku Kapata. M'mawa anthu amakhala kumunda, choncho ndinaikamo maboti, timapulogalamu tosewera tokha, kuti atate asasowe mnzawo. Atate anayamba kukankha timiyala ndi chala pagalasi la foni imene ndinawapatsa. Ankanyinyirika, koma ankakankha ndithu.

Amayi anga sasunga nkhani yabwino. Anauza anzawo kutchalitchi, azibambo ena opuma pantchito analowamo, ndipo aliyense ankafuna boti yakeyake. Kaseva kanga kali ndi memori yochepa, malo amene kompyuta imagwiriramo zimene ikuchita panthawiyo. Maboti akachuluka malowo ankadzaza, masewera n'kuzima ali pakati. Ndinayesa kuwachepetsera maboti nzeru, koma anapusa kwambiri moti atate anati ndikuwanyoza. Kugula makina aakulu sindikanatha.

Chinandiswa mtima n'chakuti atate sankadziwa za seva. Masewera akazima, iwo ankaganiza kuti chala chawo chalakwitsa. Loweruka lina nditapita kukawaona anandibwezera foni.

"Tenga, mwanawe. Ndikangokhudza chimazima. Dzanja ili latha."

Ndinawafotokozera kuti vuto ndi makina anga, koma anangoti ndisawatonthoze ngati mwana. M'minibasi pobwerera ndinalira mwakachetechete. Ndinkaopa kuti akasiya tsopano, zala zija ziuma mpaka kalekale. Ndinapemphera kuti Ambuye, nzeru zanga zathera apa, ndionetseni pogwira.

Mawa lake ndinachedwa kutchalitchi n'kukhala kumbuyo. Pabenchi yathu panali buku la nyimbo limodzi lokha, la mayi wina wachikulire amene sindinkawadziwa. Iwo anangolitambasula pakati, tonse tinasendera pafupi n'kumaimba. Tili mkati mwa nyimbo, maso anga anakhazikika pa buku limodzi lija. Ndinazindikira kuti boti iliyonse ikayamba kusewera inkanyamula nzeru zonse za nsolo payokha, zomwezomwezo zimene inzake yanyamula kale. Zinali ngati aliyense wabwera ndi buku lake lolemera pabenchi yaing'ono. Ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse, sindinaumve.

Nditafika kunyumba ndinakonza kuti nzeruzo zikhale pamalo amodzi, maboti onse aziwerenga pomwepo. Ndinakonzanso kuti munthu akachoka, boti yake izitula zonse m'malo momangodikira itazigwira. Memori imene maboti ankadya inatsika mpaka ndinakayikira maso anga. Ndinatsegula maboti ambiri nthawi imodzi, kaseva kanangopitiriza ntchito osadandaula.

Nditapita nayo foni kumudzi, atate sanaiyang'ane n'komwe. Sindinalimbane nawo, ndinangoisiya pampando wawo n'kubwerera ku tauni mtima uli m'mwamba. Panapita masiku popanda uthenga. Kenako amayi anandiimbira ndili pasukulu.

"Atate ako akuti boti yako imabera," anatero akuseka. Kenako anatsitsa mawu. "Lero amanga okha mabatani a shati. Ndi dzanja lija."

Ndinakhala pansi pakhonde la kalasi, ana akundidutsa, ndikuthokoza Mulungu.

Dzanja la atate silinachire lonse, ndipo mwina silidzabwerera mwakale. Koma ayambanso kuligwiritsa ntchito, ndipo saliyesanso chinthu chakufa. Mayi a buku aja sadziwa chimene anandichitira, anangosendeza buku kuti mlendo aone. Inu amene mwatopa ndi vuto lanu, musaleke kupemphera, ndipo pamene mukudikira muziyang'anitsitsa zimene zili pafupi nanu. Ambuye alemekezeke.