Ndakhala Ndikuthira Mchere

— Halo? Halo, achemwali a Eveles?

— Halo! Ndani? Kwezani mawu, ndili mumsika muno.

— Ndine Lenia.

— Lenia mng'ono wanga? Iii, mawu abwanji amenewa, ngati wameza mchenga? Ine ndimayesa ndi bambo wina wasokoneza nambala.

— Ndine ndemwe. Mwaswera bwanji?

— Taswera bwino, kaya iwe?

— Taswera. Alamu ali bwanji?

— Ali bwino, apita ku Lunzu kukapikula anyezi.

— Nanga ana?

— Onse ali gwa, kungoti wamng'onoyu chimfine. Nanga ku Nazombeko? Apongozi ako adzuka?

— Adzuka. Amenewo sadwala, odwala ndife.

— Hehede! Nandolo mwathyola?

— Pang'ono. Theka linapita ndi mbozi.

— Halo? Ukuduka.

— Dikirani ndikwere pachulu, netiweki ya kuno simuidziwa? Eya. Mukundimva tsopano?

— Ndikukumva. Koma bwanji ukupuma chonchi, wathamanga?

— Kachulu komweka basi. Masiku ano ndi mmene ndiliri. Achemwali, mayunitsi anga ndi ochepa, ndifunse msanga. Akuti ku Limbeko kuli tiyi wochepetsa thupi. Woti munthu aphwe pa masiku ochepa alipo?

— Tiyi wa chiyani?

— Wochepetsa thupi. Ndikufuna ndiphwe lisanafike Lamlungu.

— Lero Lachitatu, iwe. Thupi la munthu ndi chubu cha njinga choti ungotulutsa mpweya?

— Musaseke, ine sindikuseka. Dzulo ndinakwera sikelo ya mavenda a nandolo pa Chiringa. Paja pomwe ankandichotsa chithokomiro ndinali ndi makilo 56? Dzulo yaloza 81. Mavenda kuseka, ati apa ndi thumba limodzi ndi theka, tisoke. Ndinangotsika, misozi ili m'maso. Yunifolomu ya kumvano siikulowa, nsapato sizikulowa, mphete anachita kundidulira.

— Pepa mng'ono wanga. Koma paja adokotala anatiuza tili tonse, kuti munthu akachotsedwa chithokomiro, kenako n'kudzachotsedwanso matumba a mazira ngati mmene anakuchitira iwe...

— Musatchule zimenezo mokweza!

— Ndili ku Limbe ine, andimva ndani? Ananena kuti thupi lisintha, ufunika kudya moyenera, kuyenda, kumapita akakuyeze magazi. Sananene za tiyi.

— Kuyenda? Phiri la Michesi ndikukwera kawiri patsiku kukatola nkhuni, mpaka nkhuni zadzadza kuseri kwa nyumba ngati ndikufuna kuwotcha njerwa. M'mawa madzi a mandimu otentha. Masana viniga m'kapu. Kudya ndikudya kamodzi, kaphala kopanda shuga, masabata atatu tsopano. Pamimba ndimamanga chitenje mpaka nthiti kuwawa. Koma thupi kumangopita patsogolo! Nkhope yatupa, mapazi atupa. Dzuwa la Okotobala lino ine kumva kuzizira, kenako thukuta kamukamu ngati andithira madzi. Lolemba ndinagwa ndi mtolo panjira, ndinadzidzimuka azimayi akundikupiza ndi chitenje.

— Mayo ine! Lenia, mapiritsi a m'mawa aja ukumwa?

— Halo?

— Wandimva bwinobwino, usanamizire netiweki. Mapiritsi aja ukumwa?

— Ndinasiya.

— Liti?

— Mu Julayi.

— Mu Julayi! Wapenga kodi?

— Kumjigo ankanena kuti mankhwala omwa tsiku ndi tsiku ndi amene amanenepetsa. Komanso apongozi anandipeza ndikumeza m'mamawa ndisanadye, n'kuyamba mafunso, ati ndi a chiyani obisa. Ndiye ndinangowaponya pansi pa sutikesi.

— Azimayi a kumjigo anakhalapo ndi mpeni pakhosi? Tamvera. Ine ndinagona pansi pa bedi lako kuchipatala masabata awiri, zomwe ananena adokotala ndinazisunga. Kapiritsi kaja ndi kamene kakugwira ntchito ya chithokomiro chomwe anachotsa. Ukasiya, thupi limatupa, mawu amasasa, tulo sititha, mtima umayenda pang'onopang'ono. Si kamene kakukunenepetsa, kusiya kwakoko ndi kumene kwakufikitsa apa. Ananena kuti ndi ka moyo wako wonse. Ukufuna tikuike m'manda chifukwa cha yunifolomu ya kumvano?

— Si yunifolomu, achemwali.

— Nanga n'chiyani? Lamlungu kuli ukwati wa ndani woti mpaka udziphe ndi njala?

— Kuli ankhoswe.

— Ankhoswe a ndani?

— Anga ndi a amuna anga, a Goliati. Akuti ndili ndi mimba.

— Mimba? Iwe? Ya ndani, amuna ako ali ku Joni chaka ndi miyezi inayi?

— Funso lawo ndi lomwelo.

— Koma anthu! Munthu kunenepa basi ndi mimba?

— Si kunenepa kokha. Ndi mchere.

— Mchere watani?

— Mukuwadziwa apongozi anga, za makolo sasewera nazo. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina amuthirire. Kale mwezi uliwonse ndinkawaitana, amayi, dzandithirireni mchere. Chibwerereni ku opaleshoni yachiwiri ija sindisambanso, ndiye zinangondichoka m'mutu. Ndakhala ndikuthira ndekha tsiku ndi tsiku. Iwo phee, kumadya ndiwo zanga, kumawerenga miyezi. Itakwana isanu ndi iwiri, n'kuona chiuno chasowa, anangoti basi, nkhani yapsa.

— Aaa, Lenia! Ukanangomanamizira, masiku anayi pamwezi kumawaitana.

— Nzeru imeneyo ikanabwera mu Malichi. Panopa yandithandiza chiyani?

— Chabwino, usandikalipire. Pita kuchipatala mawa akuyeze mkodzo, pepala liwatseka pakamwa.

— Ndinawauza zimenezo. Ati ukapezeka ulibe ndiye kuti wataya, nanga mwezi wako uli kuti? Akuti ndibwere ndi buku langa lakuchipatala, amalume a amuna anga, aphunzitsi aja, aliwerenge pamaso pa anthu. Achemwali, m'bukumo muli zonse. Ine kuno ndinangowauza kuti chinali chotupa cha m'mimba, anachichotsa, basi. Za mazira palibe akudziwa.

— Ndinakuuza ine kuti chinsinsi chimenechi chidzakulemera.

— Ndikananena bwanji? Mimba ziwiri zinapita padera, mwana m'manja ndilibe. Munthu anapita ku Joni akunena kuti akukasakira ana athu. Ndimuuze pa foni kuti ana akewo kulibe? Panopa ndikabisa buku, ndine hule. Ndikalionetsa, ndine chumba. Ndisankhe chiti? Ndiye ndimati mwina ndikaphwa, mimba ikalowa m'kati, angoti tinalakwitsa, nkhani n'kuzizira.

— Sungaphwe ndi mandimu, mng'ono wanga.

— Ndiye ndipange chiyani? Ndiuzeni! Kutchalitchi azimayi akumandiyang'ana pamimba, osati kumaso. Kuchigayo ndikafika nkhani zimaduka. Dzulo wina wandifunsa kuti matewera ndagula kale. Ndatopa, achemwali, ndatopa. Thupi ili si langa, ndikadziyang'ana pagalasi ndimaona munthu wachilendo atavala chitenje changa.

— Usalire. Halo? Usalire, anthu akuona pachulupo.

— Andione. Atsala ndi chiyani choti aone?

— Kwathu mwamuna ndi amene amabwera kwa mkazi, iwe unachita kukakhala kwawo, ndi zimenezitu. Amalume athu a Eneya awauza?

— Awauza, abwera. Ati iwo sakudziwa poyambira.

— Nanga a Goliati eni ake akuti chiyani? Sungawayimbire kuti awaletse amayi awo?

— Awaletse? Oitanitsa ankhoswe ndi iwowo.

— Ati chiyani?

— Anatumiza mawu pa foni ya amalume awo, ndinawamvetsera Loweruka, apongozi ali pomwepo. Ati ngati mkaziyo ali ndi mimba si yanga, ankhoswe akhale pansi, achoke m'nyumba yomwe ndinamanga ndi thukuta langa. Ndikawayimbira sakuyankha. Koma sindikuwada, achemwali. Munthu ali kutali, amayi ake amuuza kuti mkazi wako mimba yaoneka, akanatani? Aliyense akanapsa mtima.

— Lenia.

— Ee?

— Bwereza. Anati ngati uli ndi mimba?

— Ee, ndi mmene ananenera.

— Mawu awo enieni, osati wina kuwanenera?

— Mawu a amuna anga sindingawasokoneze. Bwanji?

— Dikira ndituluke mumsika muno. Amayi, tandionereni kaunjikayu pang'ono, ndikubwera. Halo? Ulipo?

— Ndilipo, koma mayunitsi...

— Akatha ndiyimba ine. Lenia, ndili ndi mawu, koma usandide.

— Mwayamba kundiopsa.

— A Goliati akudziwa.

— Akudziwa chiyani?

— Za opaleshoni yachiwiri. Zonse.

— Ayi. Sindinawauze ine.

— Ndinawauza ine. Tsiku lija unataya magazi ambiri, unakhala maola osatsegula maso. Ndinkaona ngati ukupita. Ndinati munthuyu akamwalira mwamuna wake osadziwa chomwe chachitika, ndidzayankha chiyani? Ndinatuluka panja pa wodi n'kuwayimbira.

— Munandilonjeza kuti simudzauza munthu, achemwali. Munagwira dzanja langa.

— Lonjezo linabwera utadzuka, ine n'kuti nditayimba kale. Iwo analira pa foni, ati alamu, musamuuze kuti ndikudziwa, angadwale ndi maganizo, ndidzamukhazika mtima pansi ndekha ndikabwera. Ine ndinaona ngati ndi chikondi. Ndinakhala chete.

— Munawauza kuti chotupa basi, kapena...

— Ndinawauza kuti achotsa matumba a mazira.

— Onse awiri?

— Onse awiri. Ndinanena mawu omwe ananena adokotala, kuti sudzaberekanso. Anandifunsa kawiri, ndinayankha kawiri.

— Ndiye akudziwa kuti mimba sindingakhale nayo.

— Akudziwa.

— Pomwe ankajambula mawu aja n'kuti akudziwa.

— Ee.

— Amayi awo akuwerenga miyezi, iwo akudziwa.

— Lenia... Halo? Halo, Lenia?

— Ndilipo. Ndangokhala pansi.

— Ndikhululukire, mng'ono wanga. Ndikanakuuza kalekale.

— Masabata atatu ndili ndi njala. Ndagwa ndi mtolo panjira ngati chidakwa. Mankhwala ndasiya, ndikudzipha ndekha, kuti munthu asamve chinthu chomwe anachimva kale mu Febuluwale. Ine n'kumawaikira kumbuyo, ati akanatani!

— Tamvera tsopano. Viniga utaye. Chitenje pamimbapo umasule pompano. Mapiritsi aja usakamwe ambiri nthawi imodzi ati kubweza masiku, iyayi. Mawa ndikwera minibasi yoyamba, ndikakupeza pa Migowi, tipitire limodzi kuchipatala akakuyeze magazi, atiuze okha poyambira. Thupi libwerera pang'onopang'ono, mwina osati lonse, koma mpweya ubwerera, kutupaku kutha.

— Lamlungu lisanafike?

— Ayi. Lamlungu upita mmene ulirimu, ndipo ine ndikakhala pambali pako. Ndikanena pamaso pa ankhoswe tsiku lomwe ndinayimba ndi mawu omwe anandiyankha. Akanditsutse ali ku Joni komweko.

— Anthu onse amva kuti sindidzabereka.

— Amva.

— Mudzi wonse, mpaka kumjigo.

— Amva, Lenia. Sindikunamiza.

— Ndimaopa tsiku limeneli kuposa imfa, achemwali. Ndimati akadzamva a Goliati ndiye kuti banja latha. Kani linatha kale, ine ndikusesa pakhomo.

— Buku ukapereka?

— Ndikapereka ndi manja anga. Aphunzitsiwo akawerenge mokweza, asadumphe mzere. Akamaliza akawayimbire a Goliati, aike foni pakati pa mphasa kuti tonse timve. Ndili ndi funso limodzi lokha.

— Funso lanji?

— Ngati ankafuna ndichoke, analephera chiyani kungondiuza? Ndikanalongedza mwakachetechete, n'kuchoka ndi dzina langa. Mwana ndilibe, nyumba ndi yawo, chomwe ndinatsala nacho ndi dzina basi. Nalonso alifuna?

— Mng'ono wanga...

— Foni yayamba kulira, batire latha. Bwerani mawa, achemwali, chonde musasinthe maganizo. Ndekha sinditha.

— Ndikubwera, eyiti koloko ndili pa Migowi. Pita ukadye kaye kanthu, wamva? Lenia? Wandimva? Halo?